Kukumbukira Mwana Amene Anatsogola Pokonza Nyumba ya Mulungu

Mau owerenga: 2 Samueli 12:15-23, 2 Mafumu 12:4-15, Yoswa 4:1-9

Phunziro lino likhudza bala limene ambiri a ife tiri nalo, ngakhale timaliphimba ndi chitenje. Mukasonkhana kuti muwerenge, yang'anani anzanu amene mwakhala nao. Mudzapeza kuti si mmodzi yekha amene anaika mwana m'manda. Ena anataya wakhanda, ena wa kusukulu, ena mwana wamkulu amene anali kale ndi banja lake. Funso lathu ndi ili: kodi mkhristu angakumbukire bwanji mwana wake m'njira yokondweretsa Mulungu? Tidzaona njira imodzi, ndiyo kuthandiza kukonza tchalitchi chakale, pamodzi ndi misampha imene iri m'njirayo.

1. Chimene chinandichitikira ine

Zaka zoposa makumi awiri zapita chimwalirire mwana wanga wamkazi. Anali ndi zaka zisanu. Inali nyengo ya dzinja, ndipo ine ndinali pakati pochonga mapepala a mayeso a ana a sukulu. Thupi lake litayamba kutentha ndinampatsa mankhwala amene anali m'nyumba, ndi kunena kuti mawa tidzapita kuchipatala. Mawa lake anali atayamba kukomoka. Anali malungo, ndipo pa tsiku lachitatu anatisiya. Tinakamuika kumudzi kwathu, pafupi ndi tchalitchi chimene anabatizidwiramo.

Tchalitchi chimenecho anamanga agogo athu ndi njerwa zoumba okha. Denga linali kudontha kale mwanayo ali moyo, ndipo mvula ikagwa pa Sabata iye ankatambasula kadzanja kake kuti alandire madontho. Kwa zaka zambiri sindinafune kulowamo. Ndikapita kumudzi ndinkapeza chifukwa chobwerera Loweruka.

Titasunga ndalama za chiliza, ine ndi atate a kunyumba tinapita kukakonza za mwambowo. Pamenepo tinaona kuti khoma la kumbuyo kwa guwa lang'ambika kuchokera pamwamba kufika pansi, mitengo ya denga yadyedwa ndi chiswe, ndipo ana a Sande Sukulu anali kuphunzirira pansi pa mtengo poopa kugweredwa. Tinagwirizana kuika chiliza chaching'ono, ndi kupereka zotsalazo kuti agulire malata. Abale ena sanakondwere. Alamu anga anati, "Mlamu, mwana mmodzi yemweyo mukumumana mwala wabwino? Anthu adzati chiyani?" Funso lao linali la chikondi, ndipo linandikakamiza kufufuza Malembo.

2. Davide analowa m'nyumba ya Yehova

Pa 2 Samueli 12 tiwerenga za mwana wa Davide amene anadwala masiku asanu ndi awiri. Masiku onsewo Davide anasala kudya, nagona pansi, napempherera mwanayo. Mwana atamwalira, anyamata ake anaopa kumuuza. Koma Davide atadziwa, anauka, nasamba, nadzola, nasintha zovala, nalowa m'nyumba ya Yehova kukapembedza. Pambuyo pake anadya. Atamfunsa, anayankha kuti mwanayo sadzabwerera kwa iye, koma iye ndiye adzapita kumene kuli mwanayo.

Taonani zinthu ziwiri. Choyamba, malo oyamba amene Davide anapita ndi chisoni chake anali pamaso pa Mulungu. Ine ndinathawa nyumba ya Mulungu chifukwa inandikumbutsa mwana, pamene kumeneko ndiko kunali mankhwala anga. Chachiwiri, Davide anavomera kuti palibe chimene angachitenso chosintha za mwanayo. Anamsiya m'manja mwa Mulungu.

Tichenjere pano. Imfa ya mwana wa Davide inadza pambuyo pa tchimo limene mneneri Natani anadzudzula. Tisatenge nkhaniyi ndi kuuza mai wofedwa kuti mwana wake wafa chifukwa cha tchimo lake. Pa Yohane 9:1-3 ophunzira anafuna kudziwa amene anachimwa kuti munthu abadwe wosaona, ndipo Ambuye anakana kuloza munthuyo kapena makolo ake. Ifenso tisaloze chala pamaliro.

3. Kodi ana athu ali kuti?

Mai aliyense wofedwa amafunsa funso limeneli usiku, anthu onse atagona. Mpingo wathu uli ndi yankho lochokera m'Malembo. Pa Genesis 17:7 Mulungu anapangana pangano ndi Abrahamu pamodzi ndi mbeu yake. Pa Machitidwe 2:39 Petro ananena kuti lonjezano liri kwa ife ndi kwa ana athu. Pa Marko 10:13-16 Yesu anakwiya ndi ophunzira amene analetsa ana, ndipo anawayangata ndi kuwadalitsa.

Makolo athu m'chikhulupiriro analingalira za nkhaniyi pa Sinodi ya ku Dordrecht m'dziko la Holland, m'zaka za 1618 ndi 1619. Masiku amenewo ana ambiri ankafa asanakule, ndipo abusa amene anasonkhana kumeneko anali kudziwa misozi ya makolo. M'mutu woyamba wa ziphunzitso zao, ndime 17, anaphunzitsa kuti makolo oopa Mulungu asakayike za chipulumutso cha ana ao amene Mulungu awaitana akali aang'ono. Chifukwa chake si ubwino wa mwanayo kapena wa makolo, koma pangano la chisomo limene anawo alimo pamodzi ndi makolo ao.

Amai anzanga, gwirani chiphunzitso ichi, pakuti ndicho maziko a zonse zotsatira. Ngati mwana ali m'manja mwa Khristu, sasowa kanthu kochokera kwa ife. Sasowa mowa wa chikumbutso, sasowa nsembe, sasowa ndi malata omwe. Sadzakwiya ndi kutibweretsera matenda chifukwa chiliza chachepa. Zimene tichita pomukumbukira tichitira Mulungu ndi anthu amoyo.

4. Malata sagula chikhululukiro

Ndiyenera kuulula kuti mtima wanga sunali woongoka monga ndinkaonetsera. Pansi pa mtima ndinali ndi mlandu wa usiku uja ndinachedwa kupita kuchipatala. Ndinkaganiza kuti ndikafolera nyumba ya Mulungu, mwina mlanduwo udzapepuka. Agogo ena a Chigwirizano, amene anaika ana atatu, anandiitanira kuseri kwa tchalitchi pamene malata anali kutsitsidwa. Anati, "Mwana wanga, ndakuona maso ako. Malata awa ndi abwino, adzatiteteza ku mvula. Koma sagula chikhululukiro. Chimenecho anakulipirira kale Mwini nyumbayi." Ndinalira tsiku limenelo koposa pamaliro.

Agogowo sanapite patali ndi sukulu, koma ananena chiphunzitso chimene mpingo wokonzedwa unabadwira. M'chaka cha 1517 ku Germany kunali kugulitsidwa makalata a chikhululukiro. Wolalikira wina, Johann Tetzel, ankauza anthu kuti akapereka ndalama adzathandiza mizimu ya abale ao amene anamwalira, ndipo gawo la ndalamazo linali lomangira tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera ku Roma. Anthu osauka, chifukwa chokonda akufa ao, anapereka. Martin Luther anatsutsa malonda amenewa m'mfundo zake 95 pa 31 October 1517. Choncho nkhani yomanga tchalitchi ndi ndalama za anthu olira si yatsopano kwa ife. Pa 1 Petro 1:18-19 tiphunzira kuti sitinaomboledwe ndi siliva kapena golidi, koma ndi mwazi wa Khristu.

Ngati muli ndi mlandu mumtima chifukwa cha imfa ya mwana, pitani nao kwa Yesu poyamba. Lankhulani ndi abusa kapena mai wina wokhwima m'chikhulupiriro. Mphatso yanu idze pambuyo pake, monga chiyamiko chifukwa cha zaka, miyezi kapena masiku amene Mulungu anakubwerekani mwanayo. Ndipo ife atumiki ndi atsogoleri, tisakakamize mai wofedwa kupereka pogwiritsa ntchito misozi yake.

5. Chipilala cha Abisalomu ndi miyala ya Yoswa

Baibulo sililetsa chikumbutso. Yakobo anaimika mwala pamanda a Rakele (Genesis 35:20). Chiliza si tchimo, ndipo amene anaika chiliza chabwino asadzione olakwa. Koma Malembo ationetsa zikumbutso za mitundu iwiri.

Pa 2 Samueli 18:18 Abisalomu anadziimikira chipilala akali moyo, nachitcha dzina lake, poopa kuti adzaiwalika. Chipilalacho chinaloza kwa iye mwini. Pa Yoswa 4 Aisraeli ataoloka Yordano anatenga miyala khumi ndi iwiri pakati pa mtsinje, naiimika. Cholinga chinali chakuti ana ao akadzafunsa za miyalayo, makolo adzawafotokozere zimene Yehova anachita. Miyala imeneyi inaloza kwa Mulungu.

Ine ndinafuna kuti dzina la mwana wanga lilembedwe ndi zilembo zazikulu pakhomo la tchalitchi. Akulu a mpingo anandiyankha mofatsa kuti ambiri amene anaumba njerwa za nyumbayo maina ao sanalembedwe paliponse, ndi kuti mai amene adzabweretsa nkhuku imodzi angadzione wochepa. Ndinawawidwa mtima, koma anali kunena zoona. Tinagwirizana kuti maina alembedwe m'buku la mpingo, osatchula kuchuluka kwa zimene munthu anapereka. Dziyeseni ndi funso ili: mwana wa mawa akadzafunsa za denga limeneli, kodi yankho lidzatamanda banja lathu kapena Mulungu amene anatitonthoza?

6. Nyumba zimene makolo anatisiyira

Wina anganene kuti mpingo ndi anthu, si njerwa. Zoonadi, pa 1 Petro 2:5 okhulupirira ndiwo miyala yamoyo. Koma miyala yamoyo imanyowa mvula ikagwa, ndipo imafuna malo omvera Mau, obatizira ana ndi odyera Mgonero. M'masiku a mneneri Hagai anthu anali kukongoletsa nyumba zao pamene nyumba ya Yehova inali bwinja, ndipo Mulungu anawadzudzula (Hagai 1:2-9).

Mpingo wathu unayamba pa 5 July 1899 ku Magwero, pafupi ndi Chipata, pamene abusa P.J. Smit ndi J.M. Hofmeyr a mpingo wa Dutch Reformed wa ku Orange Free State anafika m'dziko la Mpezeni. Kuchokera pamenepo ntchito inafika ku Madzimoyo mu 1903, ku Nyanje mu 1905, ku Nsadzu mu 1908, ndi kumalo ena monga Tamanda ndi Kamoto. Mu 1929 Justo Mwale anadzozedwa kukhala mbusa woyamba wa m'dziko lino mumpingo wathu. Kuzungulira malo amenewa kunabadwa mipingo ya m'midzi, ndipo uliwonse unadzimangira nyumba yopemphereramo. Amuna anaumba ndi kuotcha njerwa, azimai anatunga madzi ndi kusenza mchenga pamutu. Ambiri mwa azimai amenewo anali ataika ana, chifukwa masiku amenewo kunalibe katemera ndi mankhwala amene tiri nao lero. Anamanga ndi misozi yao, ndipo ife tinabatizidwira m'nyumba zimenezo.

Tchalitchi chakale chiri ngati miyala ya Yoswa. Chikagwa, ana athu adzasowa chofunsira. Ngakhale pamene mpingo wakula ndi kumanga china chachikulu, chakalecho chingakonzedwe kuti chikhale cha Sande Sukulu, cha kalasi la ofuna kubatizidwa kapena cha misonkhano ya Chigwirizano.

7. Tigwire bwanji ntchitoyi?

Nkhani ya mfumu Yoasi pa 2 Mafumu 11 ndi 12 itithandiza. Yoasi anapulumutsidwa ali wakhanda ndi azakhali ake Yehoseba, pamene Ataliya anali kupha ana a banja lachifumu, ndipo anabisidwa m'nyumba ya Yehova zaka zisanu ndi chimodzi. Atakula analamula kuti ming'alu ya nyumbayo ikonzedwe. Koma kufikira chaka cha 23 cha ufumu wake ansembe anali asanakonze kanthu, ngakhale ndalama zinali kulowa. Pamenepo wansembe Yehoyada anatenga bokosi, naboola chivundikiro chake, naliika pambali pa guwa. Likadzala, mlembi wa mfumu ndi mkulu wa ansembe ankawerenga ndalamazo pamodzi, ndi kuzipereka kwa oyang'anira ntchito kuti alipire amisiri a matabwa, omanga ndi osema miyala. Kuchokera m'nkhaniyi, ndi m'zimene tinaona kwathu, nazi mfundo zothandiza.

Choyamba, yambani ndi abusa ndi akulu a mpingo. Nyumbayo ndi ya mpingo wonse, ndipo wopereka zambiri sakhala mwini wake. Ngati nyumbayo ndi yakale kwambiri, akulu afunse bungwe la boma losunga zinthu zakale, la National Heritage Conservation Commission, asanagwetse kapena kusintha kanthu.

Chachiwiri, ndalama ziwerengedwe ndi anthu awiri kapena atatu, zilembedwe m'buku, ndipo malisiti asungidwe. Mpingo uziuzidwa poyera zimene zalowa ndi zimene zatuluka. Ndalama yoperekedwa ndi mai wofedwa ikasowa, bala lake limatsegukanso.

Chachitatu, itanani mmisiri wodziwa kuti aone nyumba yonse musanagule kanthu. Mdani wamkulu wa nyumba yakale ndi madzi. Yambani ndi denga, chotsani mitengo yodyedwa ndi chiswe, ndipo kumbani ngalande kuti madzi a mvula asaime m'mbali mwa maziko. Penti ndi makatani zidze pomaliza. Ife azimai timakonda kuyamba ndi zokongoletsa, koma penti pakhoma lonyowa imasupuka chaka chisanathe.

Chachinai, makoma ambiri akale anamangidwa ndi njerwa zofewa zolumikizidwa ndi dothi. Mukawamata ndi simenti yolimba kwambiri, chinyezi chimatsekeredwa mkati ndipo njerwa zimafumbutuka. Funsani mmisiri za kusakaniza laimu ndi mchenga. Mng'alu waukulu usangotsekedwa pamwamba. Afufuze ngati maziko akutitimira.

Chachisanu, sungani zimene zingasungike: belu, guwa, mbale ya ubatizo, zitseko ndi mabuku akale a maina. Khalani pansi ndi agogo amene akumbukira mamangidwe a nyumbayo, ndipo achinyamata alembe zimene akunena.

Chachisanu ndi chimodzi, musalowe m'ngongole, ndipo musamane ana amoyo fizi ya sukulu kapena chakudya chifukwa cha mwana amene anatsogola. Amene alibe ndalama abweretse manja ake. Pa Nehemiya 3:12 Salumu anakonza gawo la linga la Yerusalemu pamodzi ndi ana ake aakazi, ndipo pa Eksodo 35:25-26 azimai aluso anapota thonje la chihema ndi manja ao.

8. Mutu umodzi susenza denga

Malata athu sanakwane ngakhale theka la denga. Izi zinandichititsa manyazi poyamba, koma tsopano ndiona kuti Mulungu anakonza chomwecho. Abusa atalengeza, azimai anayamba kubwera mmodzimmodzi. Wina anabweretsa thumba la nshawa, nati ndi la mwana wake wamwamuna amene anafa pa ngozi ya pamseu. Wina anabweretsa misomali. Mai wina wachikulire anatunga madzi masiku onse a ntchito, ndipo tsiku lomaliza anatiuza kuti anali kukumbukira mwana wake woyamba amene anabadwa wakufa. Monga mwa mwambo, mtayo uja anakauika azimai okha, mwakachetechete, ndipo iye anauzidwa kuti asalire. Anasunga misozi imeneyo zaka zonsezi. Tsiku limenelo tinakhala pansi pa njerwa ndi kulira naye, pakuti maliro n'kulirana.

Ntchitoyo sinachotse chisoni changa. Mvula yoyamba ikagwa ndimakumbukirabe kadzanja kaja. Pa 1 Atesalonika 4:13 Paulo saletsa kulira; afuna kuti tisalire monga anthu opanda chiyembekezo. Koma tsopano ndikapita kumudzi ndimakhala kufikira Sabata. Ndimakhala kumbali ya azimai ndi kuona ana a anzanga akuimba pamalo pouma, ndipo ndimakumbukira kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Alamu anga aja ndiwo anakhoma chitseko chatsopano.

Mwina kwanu kulibe tchalitchi chakale. Mungathe kukonza benchi la ana, kulipirira mwana wamasiye sukulu, kapena kugulira mabanja osauka maneti oteteza udzudzu. Ndipo ndikupemphani monga mai amene anachedwa: mwana akatentha thupi, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Mafunso okambirana

1. Davide anachita chiyani mwana wake atamwalira? Nchiyani chimatiletsa ife kubwera m'nyumba ya Mulungu tikafedwa?
2. Kodi pali kusiyana kotani pakati pa kupereka mothokoza ndi kupereka kuti tilipire mlandu?
3. Ndi miyambo iti ya chikumbutso kwanu imene imachitika chifukwa choopa akufa? Mkhristu angayankhe bwanji abale ake mwaulemu?
4. Kodi m'Chigwirizano chanu muli amai amene sanapatsidwe mpata wolira ana ao? Mungawathandize bwanji?
5. Yendani mozungulira tchalitchi chanu sabata ino. Mwaona chiyani chofunika kukonza, ndipo mudzauza yani?

Pemphero

Atate wathu wachifundo, Inu mudziwa kuwawa kwa imfa ya mwana, pakuti munapereka Mwana wanu chifukwa cha ife. Tikuyamikani chifukwa cha ana amene munatibwereka, amene tinawatcha maina ndi amene sitinawatche. Tiwasiya m'manja mwanu. Chotsani mlandu ndi mantha m'mitima yathu. Tipatseni manja ofuna kutumikira, ndi kukhulupirika pa chuma cha nyumba yanu, kuti ana a mawa apeze malo omvera Mau anu. Tipempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.